Digiri ndi lonjezo: m'mene maphunziro a m'mayunivesite amakonzedwera kuti avomerezedwe

Mkulu aliyense wa boma amene adakhalapo pa gulu lofunsa mafunso anthu ofuna ntchito amadziwa vuto lomwe limakhalapo pamene anthu awiri abwera ndi madigiri a dzina limodzi koma ochokera m'sukulu zosiyana. Pepala limatchula dzina la maphunziro, chaka chomwe mwini wake adatsiriza ndi mlingo womwe adakhozera, koma silinena ngati munthuyo angathe kukonza bajeti ya dipatimenti, kuyeza malo omangapo mlatho kapena kuthandiza mayi amene wadwala mwadzidzidzi pochira.

Kaamba ka vuto limeneli, mayunivesite ndi mabungwe owayang'anira, m'dziko muno ndi m'maiko ena, adasintha kakonzedwe ka maphunziro. Masiku ano sukulu yaukachenjede imayenera kulemba poyera zinthu zomwe wophunzira adzathe kuchita akadzamaliza, kukonza mayeso omwe angaonetse kuti akuzithadi, ndi kusunga umboni woti anthu ochokera kunja kwa sukuluyo adzauone. Pa Chingerezi zinthu zolembedwazi amazitcha learning outcomes, ndipo m'nkhani ino tizitcha maluso oyembekezeka.

Chifukwa chake nkhaniyi yakula m'dziko muno

Kwa zaka zoposa 30 dziko la Malawi lidali ndi yunivesite imodzi yokha. University of Malawi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 ndipo idayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965 mumzinda wa Blantyre. Pa nthawi imeneyo dzina la sukulu palokha lidali chikole chokwanira, popeza olemba ntchito ankadziwa aphunzitsi ake, makalasi adali aang'ono, ndipo padalibe sukulu ina yoti ayerekeze nayo.

Zinthu zidasintha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mzuzu University idakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1997 n'kulandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Mipingo nayo idatsegula sukulu zake, monga University of Livingstonia mu 2003 ndi Catholic University of Malawi ku Nguludi m'boma la Chiradzulu mu 2006. Koleji ya Bunda idachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala maziko a Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources mu 2012, ndipo Malawi University of Science and Technology idatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. M'chaka cha 2021 University of Malawi idagawidwa patatu: Chancellor College ya ku Zomba idatsala ndi dzina lakale, Polytechnic idasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Apa mayunivesite a boma adafika 6, osawerengera omwe si aboma.

Poona kuchuluka kwa sukuluzi, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education, lomwe mwachidule limatchedwa NCHE, kudzera m'lamulo nambala 15 la m'chaka cha 2011. Mwa zina, bungweli limalembetsa sukulu zaukachenjede zomwe si zaboma, limaunika ndi kuvomereza sukulu zonse pamodzi ndi maphunziro omwe zimapereka, komanso limaunika mapepala omwe Amalawi apeza m'sukulu zakunja. Kuti ntchito yotereyi itheke pamafunika muyeso umodzi woyezera sukulu zonse, ndipo muyesowo umayambira pa funso lakuti wophunzira akatuluka adzatha kuchita chiyani.

Kodi maluso oyembekezeka n'chiyani?

Silabasi yakale inkalembedwa ngati mndandanda wa mitu yomwe mphunzitsi adzadutsemo. Mphunzitsi akamaliza mitu yonse, ntchito yake inkaoneka kuti yatha, ngakhale ophunzira ena atatuluka osatola kanthu. Maluso oyembekezeka amatembenuza zimenezi. Chiganizo chilichonse chimanena za wophunzira, chimakhala ndi mneni wosonyeza ntchito yooneka ndi maso, ndipo chimatchula mlingo womwe ntchitoyo iyenera kufikapo.

Mwachitsanzo, kulemba kuti "wophunzira adzamvetsa za ulimi wamthirira" sikuthandiza woyesa, pakuti kumvetsa kumachitikira m'mutu ndipo palibe angakuone. Koma kulemba kuti "wophunzira adzawerengera madzi omwe munda wa chimanga wa hekitala imodzi ukufuna pa sabata, pogwiritsa ntchito mtundu wa dothi ndi nyengo ya dera lomwe wapatsidwa" kumauza wophunzira chomwe akufunika kuchita, kumauza mphunzitsi chomwe ayenera kuphunzitsa, ndiponso kumauza woyesa chomwe ayenera kufunsa.

Ganizoli si lachilendo kwa ogwira ntchito m'boma. Aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale adakumana nalo pamene silabasi yatsopano ya PCAR idayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2007, ndipo amalidziwa bwino kudzera m'mawu akuti zizindikiro za kakhozedwe. M'sukulu za ntchito zamanja, bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1999, limayesa mmisiri poona ngati akutha kugwira ntchito yeniyeniyo. Chomwe chidachedwa n'chakuti ganizo lomweli lilowe m'mayunivesite, momwe kwa nthawi yaitali mphunzitsi aliyense ankaonedwa ngati mwini phunziro lake.

Komwe ganizoli lidachokera

Katswiri wa zamaphunziro wa ku America, Ralph Tyler, adalemba m'chaka cha 1949 kuti wokonza maphunziro ayenera kuyamba ndi zolinga, kenako asankhe zoti ophunzira achite, azisanje bwino, ndipo pomaliza apeze njira yodziwira ngati zolingazo zakwaniritsidwa. M'chaka cha 1956 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Benjamin Bloom wa ku University of Chicago lidasanja kaganizidwe ka munthu m'magawo 6, kuyambira chapafupi kufikira chozama. M'chaka cha 2001 Lorin Anderson ndi David Krathwohl adakonzanso magawowa motere: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuunika ndi kupanga chatsopano.

Magawo amenewa ndi amene amathandiza kusiyanitsa satifiketi, dipuloma ndi digiri. Wophunzira wa chaka choyamba angafunsidwe kutchula ndi kufotokoza, koma wa chaka chachinayi ayenera kusanthula vuto, kuyerekeza njira zingapo zolithetsera ndi kuikira kumbuyo njira yomwe wasankha. Ngati mayeso a chaka chomaliza akungofuna kuti munthu alakatule zomwe adaloweza, ndiye kuti sukuluyo ikupereka digiri pa ntchito ya mlingo wotsika.

M'chaka cha 1996 katswiri wina, John Biggs, adaonjezera mfundo yomwe mayunivesite ambiri akutsata lero, yakuti zinthu zitatu ziyenera kulunzana: maluso oyembekezeka, kaphunzitsidwe ndi kayesedwe. Iye adaona kuti ophunzira amakonzekera zomwe akudziwa kuti zidzabwera pa mayeso. Choncho ngakhale silabasi italonjeza zinthu zapamwamba chotani, chomwe chimalamulira zomwe ophunzira adzaphunziredi ndi mayeso.

Kuyambira kumapeto: chitsanzo cha phunziro limodzi

Tiyerekeze kuti dipatimenti ina ya pa yunivesite ikukonza phunziro la kayendetsedwe ka chuma cha boma la ophunzira a chaka chachitatu. Mwa njira yakale, mphunzitsi akadalemba mitu monga mbiri ya bajeti, misonkho, malamulo a zachuma ndi ntchito ya ofufuza mabuku. Mwa njira yatsopano, dipatimenti imayamba yafunsa anthu omwe adzalembe ntchito ophunzirawo, monga akuluakulu a zachuma m'maunduna ndi m'makhonsolo, kuti munthu wongoyamba kumene ntchito amafunika kudziwa kuchita chiyani.

Kuchokera pa mayankho awo, dipatimenti ingalembe maluso anayi. Loyamba, wophunzira adzakonza bajeti ya chaka chimodzi ya nthambi ya khonsolo kuchokera pa ziwerengero zomwe wapatsidwa. Lachiwiri, adzayerekeza mabuku a ofesi ndi sitetimenti ya ku banki n'kuloza pomwe pali kusiyana. Lachitatu, adzaunika vocha ya malipiro ndi zikalata zake n'kunena ngati zatsata lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha boma la m'chaka cha 2022 ndi malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma. Lachinayi, adzalemba kalata ya tsamba limodzi yolangiza mlembi wamkulu wa unduna pa vuto lomwe wapeza.

Maluso akalembedwa, chotsatira ndi kayesedwe, osati mitu. Luso lokonza bajeti lingayesedwe ndi ntchito ya pa kompyuta yomwe wophunzira amaichita kwa milungu ingapo. Luso loyerekeza mabuku lingayesedwe m'chipinda cha mayeso ndi zikalata zoyerekezera. Luso lolemba kalata lingayesedwe kawiri, koyamba pakati pa semesita kuti wophunzira adziwe pomwe akulakwitsa, kenako kumapeto. Dipatimenti imagawa malikisi molingana ndi kulemera kwa luso lililonse, mwina 40 pa 100 ku ntchito za m'kati mwa semesita ndipo 60 ku mayeso otsiriza, malinga ndi malamulo a sukuluyo.

Zikatha izi m'pamene mphunzitsi amasankha mitu ndi zochita za m'kalasi. Mutu uliwonse umayenera kuyankha funso lakuti ukuthandiza luso liti. Kawirikawiri apa m'pamene pamaonekera kuti mitu ina imaphunzitsidwa chabe chifukwa idali m'buku lomwe mphunzitsi adaphunzirira, pomwe zinthu zofunika pa ntchito, monga kagwiritsidwe ntchito ka njira ya pa kompyuta yosungira ndi kulondolozera chuma cha boma ya IFMIS, sizikutchulidwa n'komwe.

Digiri imodzi imakhala ndi maphunziro ambiri otere, choncho pamafunika tebulo lalikulu losonyeza maluso a digiri yonse mbali imodzi ndi maphunziro onse a zaka zinayi mbali inayo. Tebuloli limaonetsa phunziro lomwe likuyambitsa luso, lomwe likulikulitsa ndi lomwe likuliyesa komaliza. Pakapezeka luso lomwe palibe phunziro likuliyesa, ndiye kuti sukulu yalonjeza chinthu chomwe singachiikire umboni. Pakapezekanso maphunziro atatu akubwereza chinthu chimodzi, nthawi ya ophunzira ndi ndalama za makolo zikuonongeka.

Mayeso oyenera luso lake

Luso lililonse lili ndi kayesedwe kake. Za m'mutu zingayesedwe ndi cholembera ndi pepala, koma za m'manja zimafuna kuti woyesa aone ndi maso. M'sukulu za zaumoyo mumagwiritsidwa ntchito njira yotchedwa OSCE, yomwe Ronald Harden ndi anzake a ku Dundee m'dziko la Scotland adaifotokoza m'chaka cha 1975. Wophunzira amadutsa m'malo angapo motsatizana, ndipo pamalo aliwonse amapatsidwa mphindi zowerengeka kuti achite ntchito imodzi, monga kufunsa wodwala mbiri ya matenda ake kapena kuyeza kuthamanga kwa magazi, uku woyesa akuchonga pa pepala lomwe lidakonzedwa kale.

Pepala lochongera lotereli ndi lofunika m'maphunziro ena onse. Limanena momveka kuti ntchito yopambana imaoneka motani, yapakatikati motani, ndipo yolephera motani. Likaperekedwa kwa ophunzira ntchito isanayambe, limachepetsa madandaulo a kukondera, ndipo aphunzitsi awiri ochonga ntchito imodzi sasiyana kwambiri malikisi. Pa chifukwa chomwechi mayunivesite amaitana oyesa ochokera m'sukulu zina kuti aone mafunso asanalembedwe ndi kuchonganso ena mwa mapepala a ophunzira.

Kubwera kwa mapulogalamu a pa intaneti omwe amatha kulemba nkhani yonse m'kanthawi kochepa, monga ChatGPT yomwe idatuluka kumapeto kwa chaka cha 2022, kwachititsa kuti nkhani ya kayesedwe ikule. Ntchito yolembera kunyumba payokha siingakhalenso umboni wokwanira. N'chifukwa chake sukulu zambiri zikuonjezera mafunso apakamwa ndi ntchito zochitira pamaso pa woyesa, kuti wophunzira afotokoze yekha momwe adafikira pa yankho lake.

Kuwerengera nthawi ya wophunzira

Mbali ina ya kakonzedweka ndi kuwerengera nthawi yomwe wophunzira wamba amafuna kuti apeze maluso omwe alembedwa. Nthawiyi imaphatikiza maola a m'kalasi, a m'labotale, a kuwerenga payekha ndi a mayeso, ndipo imasinthidwa kukhala makirediti. Ku South Africa kirediti imodzi imaimira maola 10, kotero kuti chaka chimodzi cha makirediti 120 chimatanthauza maola 1,200. Ku Ulaya chaka chimakhala ndi makirediti 60, ndipo iliyonse imaimira maola apakati pa 25 ndi 30.

Masamu amenewa amateteza wophunzira komanso wolemba ntchito. Sukulu ikalengeza kuti ipereka digiri ya zaka zinayi m'miyezi yochepa, pophunzitsa Loweruka ndi Lamlungu lokha, wounika amangowerengera maola n'kuona ngati zingatheke. Makirediti amathandizanso munthu amene ali ndi dipuloma kuti asabwereze zomwe adaphunzira kale akafuna kupitiriza, ndi wogwira ntchito amene wasamutsidwa kuchoka ku Mzuzu kupita ku Blantyre kuti apitirize maphunziro ake pa sukulu ina ngati sukulu ziwirizo zagwirizana.

Zomwe ounika amafuna kuona

Pali kusiyana pakati pa kulembetsa ndi kuvomerezedwa, ndipo anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Kulembetsa kumapatsa sukulu chilolezo chogwira ntchito m'dziko muno. Kuvomerezedwa kumabwera pambuyo pa kauniuni wozama, ndipo kumakhudza sukulu yonse komanso maphunziro a digiri iliyonse payokha. N'zotheka kuti sukulu ikhale yovomerezeka pomwe ena mwa madigiri ake sadavomerezedwe. Bungwe la NCHE limatulutsa mndandanda wa sukulu ndi maphunziro omwe lavomereza kuti anthu adziwe.

Kauniuniyu amayamba ndi sukulu yeniyeniyo, yomwe imadziunika n'kulemba lipoti la momwe ikuchitira pa muyeso uliwonse. Kenako gulu la akatswiri a phunzirolo ochokera m'malo ena limapita kukaona. Iwo amawerenga zikalata za maphunziro, amaona mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ndi ntchito za ophunzira zochongedwa, amayendera malaibulale ndi malabotale, amawerenga aphunzitsi ndi kuona mapepala awo, ndiponso amacheza ndi ophunzira paokha. Lipoti lawo ndi lomwe bungwe limagwiritsa ntchito popereka chigamulo. Chivomerezo sichikhala chamuyaya, ndipo pakapita nthawi sukulu imaunikidwanso.

Pa ulendo wonsewu ounika amatsata chingwe chimodzi. Amatenga luso lomwe sukulu yalonjeza, n'kufunsa phunziro lomwe likuliphunzitsa, funso la mayeso lomwe lidaliyesa, ndi ntchito ya wophunzira yosonyeza kuti adalipeza. Sukulu ikalonjeza kuti ophunzira ake adzatha kuyeza kulimba kwa konkire koma ilibe makina oyezera kapena pangano ndi malo omwe ali nawo, chingwecho chimaduka pomwepo.

M'ntchito zina muli mabungwe enanso omwe ali ndi mphamvu mwalamulo. Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi amaona za maphunziro a zaumoyo, Malawi Engineering Institution imaona za mainjiniya, pomwe Malawi Accountants Board imaona za owerengera chuma. Mabungwewa ndi amene amalola munthu kuyamba ntchito, choncho dipatimenti yanzeru imatenga zofuna zawo n'kuziika m'maluso oyembekezeka kuyambira pachiyambi, kuopa kuti ophunzira angamalize zaka zinayi kapena zisanu n'kukakanidwa pa khomo lomaliza. Akuluakulu adati mmera m'poyamba.

Mapepala athu kunja kwa dziko

Nkhaniyi ikukhudzanso Amalawi omwe amapita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito m'maiko ena. M'chaka cha 1997 atsogoleri a maiko a m'bungwe la SADC adasaina mumzinda wa Blantyre pangano la zamaphunziro, lomwe mwa zina lidafuna kuti mapepala a m'maiko a m'chigawo chino aziyerekezeka. M'chaka cha 2011 nduna za m'chigawochi zidakhazikitsa ndondomeko yoyerekezera mapepala yotchedwa SADC Qualifications Framework, yomwe ili ndi masitepe 10, ndipo sitepe iliyonse imafotokozedwa ndi zomwe munthu akudziwa komanso zomwe angathe kuchita.

Maiko a ku Ulaya adayamba njira yofanana ndi imeneyi m'chaka cha 1999, pamene nduna za maiko 29 zidasaina chikalata mumzinda wa Bologna ku Italy. Mu Africa muno muli pangano la ku Addis Ababa la m'chaka cha 2014, lomwe lidalowa m'malo mwa la ku Arusha la m'chaka cha 1981. Pa za uinjiniya pali pangano la Washington Accord la m'chaka cha 1989, lomwe limavomereza madigiri poona maluso omwe omaliza maphunziro ali nawo.

M'mapangano onsewa chiyankhulo chake n'chimodzi. Ofesi ya ku Pretoria kapena ku London ikalandira digiri ya ku Zomba, imafuna kudziwa mlingo wake, maola omwe adalowapo, maluso omwe adayesedwa ndi bungwe lomwe lidaivomereza kwawo. Digiri yomwe ilibe mayankho a mafunso amenewa imamuvutitsa mwini wake, ngakhale munthuyo atakhala wanzeru chotani.

Zovuta zomwe zilipo

Njirayi ili ndi zovuta zake, ndipo n'koyenera kuzitchula. Choyamba ndi chakuti ingathe kungothera pa pepala. Dipatimenti ingasinthe mawu a silabasi, n'kuika aneni okongola kumayambiriro kwa chiganizo chilichonse, koma m'kalasi mphunzitsi n'kumawerengabe manotsi omwewo ndi kufunsa mafunso omwewo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ichi n'chifukwa chake ounika odziwa ntchito amathera nthawi yambiri pa mapepala a ophunzira kusiyana ndi pa zikalata zokonzedwa ndi akuluakulu a sukulu.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ophunzira poyerekeza ndi aphunzitsi ndi zipangizo. Mphunzitsi mmodzi amene ali ndi ophunzira mazana angapo sangathe kumva aliyense akufotokoza ntchito yake, ndipo amakakamizika kubwerera ku mafunso ongosankha yankho. Kuyesa luso kumafuna aphunzitsi okwanira, makompyuta, magetsi odalirika, mankhwala a m'labotale ndi ndalama zoyendera ophunzira omwe ali pa ntchito yoyeserera m'maboma. Zonsezi zimabwerera ku bajeti.

Chachitatu n'chakuti si chilichonse chabwino chomwe chingayezedwe mosavuta. Kukhulupirika, kulimba mtima ponena zoona ndi chidwi chofuna kudziwa zambiri ndi zinthu zomwe dziko limayembekezera kwa munthu wophunzira, koma n'zovuta kuzipatsa malikisi. Akatswiri ena amachenjeza kuti maluso akachuluka ndi kugawidwa tizidutswa ting'onoting'ono, yunivesite imayamba kuphunzitsa zokhazo zomwe zingachongedwe. Dziko la South Africa lidakumana ndi zoterezi m'sukulu za pulayimale ndi sekondale: silabasi ya Curriculum 2005, yomwe idayamba mu 1998, idadzudzulidwa kuti idali ndi mawu ovuta komanso ntchito yambiri yolembalemba, ndipo idakonzedwanso, kenako kuyambira mu 2012 yokonzedwayo idalowedwa m'malo ndi ina yomwe imatchula momveka zoyenera kuphunzitsidwa. Phunziro lake n'lakuti maluso azikhala ochepa, omveka, ndipo azitsamira pa nzeru zenizeni za phunzirolo. Munthu sangasanthule lamulo lomwe sadaliwerenge.

Mbali ya ogwira ntchito m'boma

Boma ndi limodzi mwa olemba ntchito aakulu m'dziko muno, ndipo ndi lomwe limapereka ndalama ku mayunivesite ake komanso ngongole kwa ophunzira kudzera m'bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amadalira anthu aluso pa ulimi, mafakitale ndi chitukuko cha mizinda. Potero ogwira ntchito m'boma ali ndi mbali yaikulu pa nkhaniyi.

Ofesala woona za ogwira ntchito, asanavomereze tchuthi cha maphunziro kapena kulipirira wina fizi, ayenera kuona ngati digiri yeniyeniyo, osati dzina la sukulu lokha, ili pa mndandanda wa NCHE. Wogwira ntchito amene akudzilipirira yekha ayeneranso kufunsa funso lomweli asanapereke ndalama, pakuti ambiri amatenga ngongole kuti aphunzire poyembekezera kukwezedwa. Amene wabwera ndi pepala lakunja, kuphatikizapo lomwe adaphunzirira pa intaneti, ayenera kulipereka kuti liunikidwe.

Pa mafunso olembera anthu ntchito, gulu lofunsa lingagwiritse ntchito nzeru yomweyi popatsa ofuna ntchito kantchito kakang'ono kofanana ndi komwe adzagwire, monga kulemba kalata, kuwerenga tebulo la ziwerengero kapena kupeza cholakwika mu vocha. Zotsatira za ntchito yotereyi, zikasonkhanitsidwa popanda kutchula maina, ndi uthenga wofunika kwambiri kwa mayunivesite.

Maunduna ndi makhonsolo amalandiranso makalata owaitana ku misonkhano yokonzanso masilabasi, ndipo kawirikawiri makalatawa amapatsidwa kwa aliyense amene ali ndi mpata. Kungakhale bwino kutumiza munthu amene amayang'anira omwe angoyamba kumene ntchito, popeza ndi iye amene amadziwa zomwe amatha ndi zomwe zimawavuta. Chimodzimodzinso ophunzira akabwera kudzaphunzira ntchito m'maofesi, woyang'anira apemphe pepala la maluso omwe sukulu ikuyembekezera, awapatse ntchito zogwirizana nalo m'malo mongowatuma kukachita fotokope, ndipo adzaze lipoti lawo moona mtima, chifukwa lipotilo limakhala gawo la umboni womwe ounika adzauone.

Pomaliza pali okonza ndi kugawa bajeti. Pempho la yunivesite la zipangizo za m'labotale kapena la aphunzitsi oonjezera lingayezedwe poyang'ana maluso omwe sangayesedwe popanda zinthuzo. Kufunsa motere kumathandiza kuti ndalama zochepa zomwe zilipo zipite pomwe zingateteze chivomerezo cha digiri, ndi kuti wophunzira wochokera ku Chitipa, ku Ntchisi kapena ku Nsanje, amene makolo ake adagulitsa mbewu ndi ziweto kuti aphunzire, atuluke ndi pepala lomwe olemba ntchito angalikhulupirire.